Chinyontho pa chithunzi cha Misa ya Clement Woyera ku Roma: zimene chipangizo cha maginito chinapeza mkati mwa khoma

Amisiri anzanga amene mumaitanidwa khoma likayamba kunyowa, funso limene limatizunguza mutu tonse ndi limodzi: madziwa akuchokera kuti? Kunena kuti khoma ndi lonyowa sikufuna mmisiri, mwini nyumba waona kale, n'chifukwa chake wakuitanani. Chovuta ndi kuloza gwero, chifukwa khoma limene likumwa madzi kuchokera pansi silikonzedwa mofanana ndi khoma limene likungolandira mame kuchokera mumpweya. Ntchito imene ndikufotokozayi inachitika ku Roma, m'tchalitchi cha San Clemente. Anaigwira ndi akatswiri a bungwe la kafukufuku la dziko la Italy lotchedwa CNR, mothandizana ndi osamalira zinthu zakale, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 2010. Ine sindinali nawo m'gululo. Ndailemba chifukwa kumeneko njira zonse zimene tinazolowera zinali zotsekeka, ndiye zinawakakamiza kuganiza mofatsa pa zinthu zimene ife timangozidumpha.

Malo ake

San Clemente ili pafupi ndi Colosseum, bwalo lalikulu la masewera la Aroma akale, ndipo ndi nyumba zitatu zosanjikizana. Pamwamba pali tchalitchi chimene anthu amapempheramo lero, chomangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100. Pansi pake pali tchalitchi china cha m'zaka za m'ma 300, chimene anachikwirira ndi zibuma ndi dothi pamene ankamanga chapamwambacho. Pansi penipeni pali nyumba za Aroma akale, momwe mulinso kachisi wa mulungu wawo wina dzina lake Mithras. Tchalitchi chapakaticho chinakhala chokwiririka zaka zoposa 700, mpaka wansembe wa chipani cha Dominican wochokera ku Ireland, Joseph Mullooly, atayamba kufukula mu 1857.

Madzi pamalopa si alendo. Zipinda za pansi penipenizo zinakhala zomira m'madzi kwa zaka zambiri, kufikira pakati pa 1912 ndi 1914 pamene anakumba ngalande ya pansi pa nthaka yoposa mamita 600 kukalumikiza ku ngalande zakale za mzindawo cha ku Colosseum. Mpaka lero munthu akatsikira kumeneko amamva madzi akuyenda.

Chithunzi chimene tikukamba chili m'tchalitchi chapakati, ndipo chinajambulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1000. Chapamwamba pali Clement Woyera, mmodzi wa apapa oyambirira, akuchita misa. M'munsi mwake muli nkhani ya bwana wina dzina lake Sisinnius, amene analamula antchito ake kuti amange Clement n'kumukoka, koma iwo n'kumakoka mzati wa mwala akuyesa munthu. Mawu amene ojambula analemba pambali pa anthuwo ali m'gulu la zolembedwa zakale kwambiri za chiyankhulo cha anthu wamba chimene chinadzakhala Chitaliyana. Choncho khomali ndi la mtengo wapatali kwa a mpingo, kwa odziwa za luso, ndi kwa ofufuza ziyankhulo omwe.

Majambulidwe ake nawo tiwadziwe, chifukwa ndi amene anatseka njira zambiri. Ojambula ankapaka utoto wosungunula m'madzi pa pulasitala wa laimu akadali wamuwisi. Laimuyo akamauma n'kumakoka mpweya amasanduka mwala, utoto uja n'kugwidwira momwemo. Ndiye kuti chithunzi chonse chimakhala pa kakhungu kopyapyala kwambiri ka pamwamba pa pulasitala. Kakhunguko kakayoyoka, chithunzi chapita.

Zizindikiro, ndi mafunso awiri

Chithunzicho chinali chitawonongeka kale ndi chinyontho ndi mchere. Mchere umenewu si wa patebulo wokha ayi, ndi mitundu yosiyanasiyana imene imasungunuka m'madzi a m'nthaka ndi m'zomangira. Madzi amayenda nawo m'timabowo ta njerwa ndi pulasitala, akafika pamene amauma amausiya pamenepo. Ukaumira kunja umaoneka ngati ufa woyera, ndipo pamenepo vuto ndi lochepa. Ukaumira kunsi kwa kakhungu ka utoto umakula n'kumakankha, utoto n'kufufuma mpaka kugwa.

Mmisiri aliyense ataima patsogolo pa khoma lotere angakhale ndi malingaliro awiri. Loyamba: madzi akukwera kuchokera m'maziko, monga momwe parafini amakwerera chingwe cha koloboyi. Lachiwiri: chipindachi chili pansi pa nthaka, makoma ndi ozizira, mpweya ndi wodzaza nthunzi, ndiye khoma likunyowa kuchokera kunja. Gululo linayamba ndi kutchera tizipangizo tolemba kutentha ndi chinyezi cha mumpweya kwa nthawi yaitali, ndipo zinaonekeratu kuti chinyezicho ndi chokwera kwambiri, kupitirira 90 peresenti. Izi zinalimbitsa lingaliro lachiwiri, koma sizinachotse loyamba.

Kusiyanitsa ziwirizi si nkhani ya m'kalasi. Ngati vuto ndi mpweya, mumalimbana ndi mpweya. Koma ngati madzi akukwera kuchokera pansi, inu n'kuumitsa mpweya wa m'chipinda, mwaonjeza moto. Pamwamba pa khoma pamayamba kuuma msanga, khoma limakoka madzi ambiri kuchokera pansi kuti alowe m'malo mwa amene achoka, ndipo mchere wonse umene unali chisungunukire umayamba kuumira ndendende pamene pali utoto. Kwinaku, kudula khoma la zaka mazanamazana kuti muikemo chotchinga madzi ndi ntchito yoopsa, yosabwezeka, imene simungaichite mongoyerekeza. Panafunika umboni.

Njira zimene zinakanika

Njira imene timaikhulupirira kwambiri ndi yoboola khoma, kutenga fumbi, kuliyeza pa sikelo, kuliumitsa mu uvuni pa madigiri 105, n'kuliyezanso. Kulemera kumene kwachoka ndiwo madzi. Pa chithunzi ichi kuboola kunali koletsedwa, ndipo m'pomveka.

Kamera yoona kutentha nayo inalephera. Anthu ambiri amaganiza kuti kamerayi imaona madzi, koma imaona kuzizira kokha. Malo onyowa amaoneka chifukwa madzi akamauluka amaziziritsa pamene achokapo. Mpweya ukakhala wokhuta kale nthunzi, madzi sauluka, malo onyowa ndi ouma amakhala ndi kutentha kofanana, chithunzi cha kamera n'kutuluka chopanda mawanga. Kamera imene imathandiza kwambiri m'nyumba wamba inalibe chonena m'chipinda chimenechi.

Nanga timamita tathu ta mapini awiri? Timeneti timayeza momwe magetsi akudutsira, ndipo tinakonzedwa poyezera matabwa. Mchere umadutsitsa magetsi, ndiye pa khoma la mchere singano imathamangira kofiira ngakhale madzi ali ochepa. Kuonjezera apo, palibe amene akanalola kuti mapini abaye chithunzi chimenechi.

Chipangizo chimene anasankha

Anatenga chipangizo chonyamulika cha NMR, chimene chimapeza madzi pogwiritsa ntchito maginito ndi mafunde a wailesi. Nzeru yake ndi imodzimodzi ndi ya makina a MRI a kuchipatala, ojambula m'kati mwa thupi, koma kusiyana kwake n'kwakuti ku chipatala wodwala amalowa mkati mwa maginito, pamene apa maginito amaima mbali imodzi, kunja kwa chinthu choyezedwa. Chodziwika kwambiri cha mtundu umenewu ndi NMR-MOUSE, chimene chinapangidwa pa yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany m'zaka za m'ma 1990, ndipo makampani ena anapanganso zofanana nacho.

Madzi ali ndi haidrojeni, chimodzi mwa zinthu ziwiri zimene zimawapanga, ndipo phata la atomu ya haidrojeni limamvera maginito. Mukaliika pa mphamvu ya maginito n'kulitumizira mafunde a wailesi a liwiro loyenera, limagwedezeka, kenako limabweza kachizindikiro kamene koilo ya chipangizocho imakamva. Haidrojeni akachuluka, chizindikiro chimakula. Liwiro loyeneralo limadalira mphamvu ya maginito: 42.58 MHz pa tesla imodzi iliyonse (MHz ndi muyeso wa liwiro la mafundewo, tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito). Maginito a zipangizo zonyamulikazi amakhala cha m'ma 0.3 mpaka 0.5 tesla, kotero pa 0.4 tesla mafunde ake ndi pafupifupi 17 MHz. Makina ambiri a MRI ndi a 1.5 kapena 3 tesla, ngakhale oyamba ku Malawi, amene anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, anali a 0.35 tesla, osatalikirana ndi kachipangizo kameneka.

Pali ubwino uwiri umene unapangitsa kuti chisankhidwe. Woyamba, chimawerenga haidrojeni mwachindunji, sichidalira magetsi kapena kutentha, choncho mchere suchinamiza monga umachitira ndi timamita ta mapini. Wachiwiri ndi umene nkhani yonseyi yagonapo. Mphamvu ya maginito imachepa mukamatalikira kuchoka pa chipangizo. Popeza liwiro la mafunde liyenera kugwirizana ndi mphamvu ya maginito, mafunde amene mwatumiza amangodzutsa haidrojeni amene ali pa kagawo kopyapyala, pa mtunda umodzi wodziwika kuchokera pa nkhope ya chipangizo. Zimene zili kutsogolo ndi kuseri kwa kagawoko sizimayankha. Mukasintha mutu wa chipangizo, kapena mukachisendeza pang'ono, mumasankha kuya kwina. Ndiye kuti mutha kufunsa khoma kuti, pa milimita imodzi muli madzi ochuluka bwanji, nanga pa mamilimita asanu, osaliboola.

Malire ake ndi akuti sichilowa patali. Ngakhale mitundu ikuluikulu ya masiku ano imathera pa mamilimita 25. Pofuna kuona kuseri kwa pamene chawo chinkafika, gululo linabweretsa chipangizo chachiwiri, chogwiritsa ntchito mafunde a maikulowevu, chopangidwa ndi nthambi ya CNR ya ku Florence. Ichi chimamva mpaka cha pa masentimita awiri, ndipo chimapereka manambala awiri, ya chinyontho ndi ya kuchuluka kwa mchere.

Asanakhulupirire manambala

Chizindikiro cha NMR pachokha ndi nambala yopanda dzina. Chimakuuzani kuti apa pali zambiri kuposa apo, koma sichinena kuti ndi maperesenti angati. Gululo linakonza tizidutswa toyeserera tofanana ndi zomangira za khomalo, n'kutiumitsa, n'kumatinyowetsa pang'onopang'ono. Pa gawo lililonse ankayeza ndi sikelo, n'kuyezanso ndi zipangizo ziwiri zija. Potero anapeza mzere wolumikiza chizindikiro ndi kuchuluka kwenikweni kwa madzi. Njira ya sikelo imene inaletsedwa pa chithunzi inabwereranso apa, pa tizidutswa timene munthu angathe kutiwononga.

Ndimaikonda kwambiri mbali imeneyi. Zomangira zimasiyana. Njerwa yofiira ili ndi chitsulo chambiri m'dothi lake, ndipo chitsulo chimafulumizitsa kuzimirira kwa chizindikiro, kotero mzere umene mwaupeza pa pulasitala wa laimu sungagwire ntchito pa njerwa yootcha kapena pa konkire. Chipangizo chokwera mtengo chosayesedwa pa zomangira za pamalopo chimanama chimodzimodzi ndi chotchipa, kungoti anthu amachikhulupirira msanga.

Atatha izi anagawa chithunzicho m'madontho okhala m'mizere, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, n'kumayeza dontho lililonse, kenako kompyuta inalumikiza manambalawo kukhala mapu a mitundu. Ndi ntchito yofuna kuleza mtima, chifukwa chizindikirocho ndi chofooka ndipo pa dontho lililonse chipangizo chimabwereza kambirimbiri kuti nambala ikhazikike.

Pamene nkhani inatembenukira

Mapu a pa milimita imodzi, pa kakhungu ka utoto penipeni, anaonetsa chinyontho, koma kagawidwe kake kankatsatira mmene mpweya wa m'chipindamo unalili. Sanali kuonetsa njira ya madzi. Munthu akanangoima pamenepa akanalemba lipoti lakuti vuto ndi mpweya, ndipo manambala ake onse akanakhala oona. Kulakwa kukanakhala pa chigamulo.

Mapu a pa mamilimita asanu anatuluka osiyana. Pamenepo mphamvu ya mpweya inali itachepa, ndipo chimene chinaoneka ndi kayendedwe ka madzi okwera kuchokera pansi. Mapu a chipangizo cha maikulowevu, a mkati kwambiri, anagwirizana nawo. Zipangizo ziwiri zogwira ntchito m'njira zosiyana kotheratu zinaloza kumodzi.

Taganizirani: kusiyana kwa mamilimita anayi okha, pa khoma lomwelo, ndiko kunasintha yankho. Malingaliro awiri aja onse anali oona, koma lililonse pa kuya kwake. Kunja khoma linkayankha mpweya, mkati linkayankha nthaka. Ndipo tisaiwale kuti zambiri mwa zipangizo zimene timayenda nazo m'chikwama, kuphatikizapo dzanja lathu tikamasisita khoma, zimangomva za kunjako.

Chigamulo ndi zotsatira

Umboni utapezeka, anasankha kutseka njira ya madzi. Anadula khoma mopingasa, m'njerwa za m'munsi pamwamba pang'ono pa pansi, kunsi kwa chithunzi, n'kudzazamo msakanizo wosalola madzi kudutsa. Ku Italy kudula makoma akale motere n'kodziwika, ndipo kumatchulidwa ndi dzina la injiniya Giovanni Massari amene anakuyambitsa: amaboola mabowo ogundana mzere umodzi, kagawo kamodzi pa nthawi, n'kudzaza kagawoko asanapitirire, kuti khoma lisatsale lolendewera. Ndi chimodzimodzi ndi DPC, chotchinga chinyontho chimene timayala pa maziko, kungoti ikuikidwa patapita zaka mazana nyumba itamangidwa.

Atadula anabwerera ndi chipangizo chomwecho pa madontho omwewo. Mapu a mkati anaonetsa kuti chinyontho chayamba kutsika. Kuyeza kobwerezaku n'kumene njira yoboola singakupatseni, chifukwa bowo limodzi simungalitengemo fumbi kawiri, ndipo bowo la pambali pake ndi malo ena kale. Apa khoma linatsala chimodzimodzi, choncho kusintha kulikonse kwa nambala kunali kusintha kwa madzi.

Kudula khoma sikumaliza ntchito. Madzi amene anali kale pamwamba pa chotchingacho amayenera kutuluka, ndipo potulukira pake ndi pa nkhope ya chithunzi. Mchere umene ali nawo umasiyidwa pomwepo. Choncho miyezi yotsatira kudula ndi imene utoto umakhala pa chiopsezo chachikulu, ndipo khoma lotere liyenera kuuma pang'onopang'ono, moyang'aniridwa, osamalira chithunzi akuchotsa mchere ndi zomata zonyowa zimene zimaukoka kunja. Mapu a mchere a chipangizo chachiwiri chija ndi amene amaonetsa poyambira. Olemba lipotilo nawo anati njira yawoyi igwiritsidwe ntchito isanayambe ntchito yokonza, ikatha, ndi kupitirira m'tsogolo.

Zoyenera kusamala kwa amene angachigwire

Chipangizochi chimawerenga haidrojeni, sichifunsa kuti ali m'madzi kapena ayi. Phula, mafuta, guluu, penti ya mafuta ndi mankhwala olimbitsa amene okonza akale anapaka, zonsezi zili ndi haidrojeni. Pa khoma limene linakonzedwapo muyenera kudziwa mbiri yake, apo ayi mudzatcha chinyontho chimene chili phula. Odziwa amasiyanitsa poona liwiro limene chizindikiro chikuzimiririra, ndipo liwiro lomwelo limauzanso ngati madzi ali m'timabowo ting'onoting'ono kapena tikulutikulu. Madzi omangika m'kati mwa mwala weniweniwo, monga a mu jipisamu, mwala wofewa umene amapangira pulasitala wina, chizindikiro chawo chimazimirira msanga kwambiri moti nthawi zambiri sichimveka, ndipo izi zimathandiza, chifukwa amene timawafuna ndi madzi oyenda.

Zitsulo za mu konkire, misomali ndi mawaya a m'khoma zimapotoza mphamvu ya maginito n'kuwononga muyeso. Maginitowo ndi amphamvu, amatsomphola sipanala m'manja, ndipo munthu amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asayandikire. Khoma lokhala ndi mabampu limasokoneza kuya, chifukwa mtunda umawerengedwa kuchokera pa nkhope ya chipangizo.

Kwa ife amene tilibe chipangizochi

Ambiri a ife sitidzachigwira. N'chokwera mtengo, ndipo chimapezeka m'mayunivesite ndi m'malo ofufuzira. Koma makoma amene timaitanidwira ndi ololedwa kuboola, ndiye tili ndi mwayi umene a ku San Clemente analibe. Chimene ndimachita, ndipo ndikupempha anzanga achite, ndi kusasakaniza fumbi. Ndimaboola ndi dirilo yoyenda pang'onopang'ono kuti isatenthetse fumbi, n'kutenga la pulasitala m'kabotolo kake, la njerwa chapafupi m'kena, la pakati pa khoma m'kenanso, n'kutseka msanga. Ndimabwereza pa misinkhu ingapo kuchokera pansi, mzere umodzi woongoka. Madzi okwera kuchokera m'maziko amachuluka mkati ndi m'munsi, n'kumachepa mukamakwera. Mame ndi mchere wokoka nthunzi zimanyowetsa kunja, pakati pa khoma pali pouma. Mvula yolowera kunja imaonekera mbali imene imawomba, ndipo sisamala za msinkhu.

Pali muyeso wina wotchipa umene a ku Britain amagwiritsa ntchito. Gawo lina la fumbi lija mumaliika m'chidebe chotseka momwe muli kambale ka madzi okhuta mchere wa patebulo, amene amasunga chinyezi cha mpweya pa 75 peresenti. Kulemera kukakhazikika mumayeza, n'kuumitsa, n'kuyezanso. Nambala imeneyo ndi madzi amene fumbilo limakoka lokha mumpweya. Ngati ili pafupi ndi madzi amene munapeza m'khoma, ndiye kuti khomalo likunyowa chifukwa cha mchere wotsalira, ndipo kuthira mankhwala otchinga madzi m'maziko n'kutaya ndalama za mwini nyumba. Ngati madzi a m'khoma apitirira patali, pali gwero limene likadali lotseguka, ndipo kwathu kuno nthawi zambiri limakhala DPC imene sinaikidwe, imene inang'ambika, kapena imene yakwiririka ndi dothi, khonde kapena pulasitala wotsika mpaka pansi.

Malo amene mwaboola muziwalemba pa pepala ndi misinkhu yake, pamodzi ndi tsiku ndi nyengo, chifukwa muyeso wa mu February ndi wa mu October sungafanane. Gwero mukalitseka, muuzeni mwini nyumba zoona zake za nthawi. Amisiri a ku Britain amawerengera mwezi umodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kunenepa kwa khoma, ndiye khoma la njerwa la mamilimita 230 lingatenge miyezi pafupifupi 9. M'chilimwe chathu lingafulumireko, koma musapake penti ya mafuta kapena pulasitala wa simenti yambiri musanaboolenso pafupi ndi malo aja n'kuona kuti pakati pa khoma pauma.